KATHONJE, MDANI WA MTENGO WA AZITONA

Pali mtengo umene tonse tinamva dzina lake tikali ana, koma ndi owerengeka mwa ife amene anauona ndi maso. Mtengowo ndi wa azitona. Tinaumva kutchalitchi pa nkhani ya nkhunda ya Nowa ndi pa Phiri la Azitona, ndipo ena a ife taonapo mafuta ake m'mabotolo m'masitolo a m'tauni, pa mtengo woti mwana wa sukulu angoyang'ana ndi kupitirira. Lero ndifuna kukuuzani za mdani mmodzi wa mtengo umenewu. Mdaniyo ndi wochepa kuposa njere ya mpunga, koma pa milungu yowerengeka angathe kulanda mlimi gawo lalikulu la zokolola za chaka chathunthu.

Kapena wina afunsa kuti, "Tidziwirenji za mtengo umene makolo athu salima?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndidzaliyankha kumapeto. Koma tsono yambani mwamva nkhani yake.

MTENGO NDI ENI AKE

Kwawo kwa azitona ndi maiko ozungulira Nyanja ya Mediterranean, monga Spain, Portugal, Italy, Greece, Turkey, Syria, Tunisia ndi Morocco. Dziko la Spain ndilo liposa onse pa kuyenga mafuta a azitona, makamaka chigawo cha Jaén ku Andalusia, kumene munthu ayenda tsiku lonse osaona mbewu ina koma mizere ya azitona yokhayokha. Ku Tunisia nakonso, kufupi ndi mzinda wa Sfax, mabanja ambiri adalira mtengo umenewu monga momwe anthu a kwathu adalira chimanga.

Nyengo za kumeneko ndi zotembenuka poyerekeza ndi zathu. Mvula yawo igwa m'miyezi yozizira, ndipo pamene ife tikuotha moto mu Juni ndi Julayi, iwo ali pa dzuwa loswa mtengo. Musaiwale zimenezi powerenga miyezi imene nditchule m'munsimu.

Mtengo wa azitona ukhala zaka mazanamazana, koma uchita maluwa kamodzi kokha pa chaka, pakati pa Epulo ndi Juni. Maluwawo ndi aang'ono, oyera, ndipo amera m'matsango. Pa maluwa 100, limodzi kapena awiri okha ndiwo asanduka zipatso zofika pokolola. Motero chuma chonse cha mlimi chili pa milungu yochepa ya maluwayo, ndipo milungu yomweyo ndiyo mdani wathu aikonda.

DZINA NDI MTUNDU WAKE

Pa Chingerezi kachirombo aka akatcha olive psyllid, ndipo akatswiri a sayansi akatcha Euphyllura olivina. Woyamba kukalemba m'mabuku a sayansi anali katswiri wa ku Italy dzina lake Costa, m'chaka cha 1839. Koma alimi, amene sasamala za Chilatini, anakapatsa maina awoawo. A ku Spain ati algodoncillo, a ku Italy ati cotonello, a ku Portugal ati algodão da oliveira. Maina onsewa akamba za thonje, pakuti nthambi zogwidwa ndi kachiromboka zioneka ngati wina wapachikapo tizidutswa ta thonje. Potsata alimi amenewa, ife m'nkhani ino tikatcha kathonje.

Kathonje kali m'gulu lalikulu la tizirombo lotchedwa Hemiptera. Achibale ake tiwadziwa bwino: nsikidzi, nyenje, nunkhadala, nsabwe za m'masamba a ndiwo, ndi kodikodi wa pa chinangwa. Chimene chigwirizanitsa onsewa ndi pakamwa pawo. Alibe zibwano zotafunira monga chiwala, koma ali ndi mlomo wonga singano ya kuchipatala, umene aboola nawo ndi kuyamwa. Nsikidzi iyamwa magazi a munthu. Kathonje kayamwa madzi a mtengo.

MAONEKEDWE AKE

Moyo wa kathonje uli ndi magawo atatu: dzira, mwana, ndi wamkulu. Apa pali kusiyana ndi gulugufe, amene ayamba dzira, nakhala mbozi, nagona m'chikwa, ndipo pambuyo pake atuluka ndi mapiko. Kathonje sikagona m'chikwa ayi. Mwana wake afanana pang'ono ndi make, ndipo angokula pofundula khungu, monga achitira ana a dzombe. Amene mukonzekera mayeso, gwirani mfundo imeneyi.

Dzira ndi lachikasu chotuwa, lalitali ngati milimita 0.3, ndipo lili ndi kamwendo kamene make akabaya m'khungu la mphukira kuti lisagwe ndi mphepo. Mazira aikiridwa pa nsonga zanthete, pakati pa timasamba tosafutukuka, ndi pa matsango a maluwa osamasula.

Mwana ndi waphanthiphanthi, wobiriwira kapena wotuwa, ndipo alibe mapiko. Ayamba ali ngati milimita 0.4, nakula kufika milimita 1.5. Adutsa misinkhu isanu, ndipo pa kufundula kwachisanu atuluka wamkulu. Mwanayu ndiye mwini thonje lija. Kunena zoona si thonje konse, koma phula limene atulutsa kumbuyo kwa thupi lake, lonyololoka ngati ulusi wosalala, limene liunjikana kufikira ana onse a pa tsango limodzi abisika m'kati mwake.

Wamkulu ndi wotalika ngati milimita 2.5, wojintcha, wobiriwira akali watsopano ndi wotuwa akakhalitsa. Mapiko ake awapinda pamsana ngati denga la nyumba. Miyendo yake yakumbuyo ndi yamphamvu, kotero kuti ukamkhudza sathamanga koma adumpha, nazimirira. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Kathonje nakonso kafalikira m'munda kuchoka pa mtengo kunka pa unzake mwa kudumpha, kuuluka pang'ono, ndi kutengedwa ndi mphepo.

MOYO WAKE CHAKA CHONSE

Pano ndipo pagona mutu wa phunziro lathu, pakuti wodziwa nthawi za mdani wampambana kale theka.

M'miyezi yozizira tizirombo takutakula tibisala pa nthambi, m'mikhwapa ya masamba, osaikira mazira. Kukayamba kufunda, cha mu Malichi, mtengo utulutsa mphukira zatsopano, ndipo zazikazi ziyamba kuikira. Yaikazi imodzi ingathe kuikira mazira ofika 1,000 pa moyo wake. Mazira aswa pakapita masiku 8 mpaka 12, ndipo ana akula kwa masiku 24 mpaka 35. Uwu ndiwo mbadwo woyamba. Udya pa mphukira, ndipo popeza ukali wochepa, mlimi wosayang'anitsitsa sauona.

Mbadwo wachiwiri ubwera cha mu Meyi, pa nthawi yomwe mtengo uli ndi maluwa. Tiyeni tiwerengere pang'ono. Tiyerekeze kuti yaikazi imodzi yaikira mazira 1,000 mu Malichi, onse aswa nakula, ndipo theka lake ndi aakazi. Aakazi 500 amenewa, yense ataikira 1,000, mazira a mu Meyi akwana 500,000, ochokera kwa kholo limodzi! Zoona zake ndi zakuti ambiri afera panjira chifukwa cha mvula, dzuwa ndi adani. Koma masamu amenewa ationetsa chifukwa chake mtengo umene unaoneka wabwinobwino mu Malichi upezeka wayera mbuu mu Meyi.

Kathonje kakonda nyengo yofunda koma yosatentha, ya madigiri 20 mpaka 25. Kutentha kukapitirira madigiri 27, zazikazi zileka kuikira ndipo zikhala duu m'malo a mthunzi. Kukapitirira madigiri 32, mazira ndi ana ambiri afa. Motero dzuwa la Julayi ndi Ogasiti ndi bwenzi la mlimi. Kukayambanso kuzizira, cha mu Seputembala kapena Okutobala, otsala aja adzuka nabala mbadwo wachitatu, ndipo akuluakulu a mbadwo umenewu ndiwo adikira chaka chamawa. Mibadwo itatu ndiyo ipezeka kawirikawiri, ngakhale kuti m'madera ena ikhala iwiri ndipo mwina iposa itatu, monga mwa nyengo ya deralo.

KUONONGA KWAKE

Kathonje kaononga m'njira zitatu.

Poyamba, kayamwa chakudya cha mtengo. Mukumbukira kuti masamba apanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo shugayo ayenda m'timisempha kunka ku mbali zimene zikukula. Ana a kathonje abaya milomo yawo m'timisempha timeneti pa phesi la duwa. Duwa limene lalandidwa chakudya lifota, liuma, ndipo ligwa lisanagwire chipatso. Tizipatso timene tangogwira kumene nato tiyoyoka.

Chachiwiri, madzi a mtengo ali ndi shuga wambiri koma zomanga thupi zochepa. Kuti kachirombo kapeze zomanga thupi zokwanira, kayenera kuyamwa madzi ochuluka zedi, ndipo shuga wotsala kamtaya kunja monga timadontho tomata. Pa timadontho timeneti pamera chuku chakuda ngati mwaye wa m'khitchini. Chukucho sichilowa m'tsamba, koma chiliphimba, ndipo tsamba lophimbidwa silingathe kupanga chakudya bwino.

Chachitatu, phula lija likulunga maluwa, ndipo maluwa okulungidwa chotero ambiri agwa osabala.

Kathonje sikapha mtengo waukulu kawirikawiri. Chimene kalanda ndi zipatso. Ana oposa 20 pa tsango limodzi la maluwa ayamba kuchepetsa zokolola, ndipo mitengo yogwidwa kwambiri ingataye magawo 30 mpaka 60 pa 100 alionse. M'minda yambiri ya ku Spain ndi Italy kathonje kayesedwa mdani wamng'ono amene avuta zaka zina zokha, koma ku Tunisia ndi maiko ena a kumpoto kwa Africa ndi a Aluya alimi akaopa ndithu. Taganizani za bambo amene wasamala munda wake miyezi khumi ndi iwiri, nayembekeza kuti mafuta a chaka chino alipirira ana sukulu, ndipo m'mawa wina wa mu Meyi apeza maluwa ali mbwee pansi. Sangabzalenso monga tichitira ndi nyemba zikakanika. Ayenera kudikira chaka china.

KULIMBANA NAKO

Mlimi wosadziwa akaona thonje loyera pa mitengo athamangira mankhwala aukali, napopera munda wonse. Apo walakwa kawiri. Phula silinyowa ndi madzi, motero mankhwala angotsetsereka pamwamba, ana ali phee m'kati. Ndiponso mankhwalawo apha tizirombo tabwino timene tikadamthandiza. Ndalama zapita, abwenzi afa, mdani watsala. Indedi, safunsa anadya phula. Mlimi wanzeru atsata njira zinayi izi, ndipo azitsata mwa dongosolo lake.

1. Kuyendera munda. Kuyambira mu Malichi mlimi ayendera mitengo yake mlungu ndi mlungu, nayang'ana nsonga zanthete ndi matsango a maluwa ndi galasi lokuzira zinthu. Ena agwedeza nthambi pamwamba pa nsalu yoyera kuti aone tizirombo takutakula tikamagwa ndi kudumpha. Awerenga ana pa matsango angapo a mitengo yosiyanasiyana. Akapeza ochepa, sachita kanthu, pakuti mtengo umene utaya wokha maluwa ambiri chotere sumva kutayika kwa owerengeka. Kupopera popanda chifukwa ndi kutaya ndalama.

2. Kudulira nthambi. Taona kuti kathonje kaopa kutentha ndipo kathawira mu mthunzi. Mtengo wowirira uli ngati nyumba yozizira bwino m'kati. Mlimi akachotsa nthambi za pakati, dzuwa ndi mphepo zilowa, ndipo mdani asowa pobisala m'miyezi yotentha. Achotsanso mphukira zomera patsinde, ndipo sathira feteleza wa nayitulojeni mopitirira muyeso, pakuti ameneyo achulukitsa nsonga zanthete zimene tizirombo toyamwa tikonda. Amene ali ndi mtengo umodzi kapena iwiri pakhomo angathe kungodula nsonga zogwidwa, kapena kuzitsuka ndi madzi othamanga mwamphamvu.

3. Kusunga abwenzi. M'munda wa azitona muli asilikali osalipidwa. Muli tizikumbu tofiira ta madontho akuda, timene tidya ana a kathonje. Muli kachirombo kobiriwira ka mapiko onga ukonde, kotchedwa Chrysoperla carnea, kamene mphutsi zake ndi zolusa zedi. Muli Anthocoris nemoralis, mbale wake wa kathonje yemwe, amene mlomo wake aubaya mwa tizirombo tinzake m'malo mwa mtengo. Koma woposa onse pa luso ndi kamavu kakang'ono kotchedwa Psyllaephagus euphyllurae. Kamavu aka sikaluma munthu. Kafunafuna mwana wa kathonje, kaikira dzira m'thupi mwake, ndipo mphutsi yake idya mwanayo kuyambira m'kati kufikira patsala chikhungwa chouma. Pambuyo pake kamavu katsopano kaboola chikhungwacho, katuluka kukafuna ena. Mlimi akaona tizikhungwa tobooka pakati pa thonje, adziwa kuti asilikali ake ali pa ntchito, ndipo sawapha ndi mankhwala.

4. Kupopera pa nthawi yake. Ngati mdani wachuluka ndithu, mlimi apopera, koma achita zimenezi mbadwo woyamba ukali waung'ono, phula lisanaunjikane ndiponso maluwa asanamasule. Pa nthawi imeneyo mankhwala ofatsa akwanira: sopo wopangidwira kupha tizirombo, mafuta opopera mitengo, kapena mafuta a nimu. Sopo ndi mafuta zipha pokhapokha zitakhudza thupi la kachirombo, chifukwa chake mlimi ayenera kunyowetsa nsonga zonse bwinobwino. Ena apopera dothi loyera lotchedwa kaolin, limene likuta masamba ndi kusokoneza tizirombo pofuna podya ndi poikira. Mankhwala aukali ndi a potsiriza penipeni.

Taonani kuti njira zonsezi zichokera m'moyo wa kachirombo komwe. Tidulira chifukwa kaopa dzuwa. Tifulumira chifukwa phula likubwera. Tiyang'ana mu Malichi chifukwa choopsa chili mu Meyi. Amene sanaphunzire moyo wa mdani sangadziwe ngakhale imodzi ya njirazi.

CHIFUKWA CHAKE IFE TIPHUNZIRA ZIMENEZI

Tsopano ndibwerere ku funso lija.

Yankho loyamba ndi lakuti tizirombo sitidziwa malire a maiko. Kathonje kanali ka maiko a ku Mediterranean ndi oyandikana nawo, koma m'chaka cha 2007 kanapezeka ku California, m'maboma a San Diego ndi Orange, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Kanafika kopanda adani ake a kwawo, ndipo akatswiri a kumeneko anapita ku Spain kukatenga kamavu kaja kuti akakayese ngati kangawathandize popanda kuononga tizirombo tina ta m'dzikolo.

Nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Kodikodi wa pa chinangwa kwawo ndi ku South America. Anapezeka mu Africa cha m'ma 1973, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anafika ku Malawi, nagwetsa anthu a ku Nkhata Bay m'njala, pakuti kondowole ndiye chakudya chawo. Nayenso adziphimba ndi phula loyera. Chimene chinamgonjetsa si mankhwala, koma kamavu kotchedwa Anagyrus lopezi, kochokera ku South America komweko, kamene kanamasulidwa koyamba ku Nigeria mu 1981 ndipo pambuyo pake m'maiko ena ambiri. Dr Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyo, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Kamavu ka chinangwa ndi kamavu ka azitona ndi a banja limodzi lotchedwa Encyrtidae, ndipo agwira ntchito mofanana. Funsani agogo a kunyanja, adzakuuzani za zaka zimenezo.

Yankho lachiwiri lili kuseri kwa nyumba zathu. Pitani pa mtengo wa mandimu kapena malalanje, muyang'ane masamba anthete. Mukapeza masamba a timatuza pamwamba ndi timaenje kunsi kwake, dziwani kuti mwakumana ndi msuweni wa kathonje, dzina lake Trioza erytreae. M'kadzenje kalikonse mukhala mwana mmodzi waphanthiphanthi. Ameneyu ndi wa kuno ku Africa, ndipo ndi woopsa chifukwa afalitsa matenda amene achititsa zipatso kukhala zazing'ono, zopotoka, zowawa ndi zosapsa bwino. Nayenso akonda malo ozizirira ndi mphukira zatsopano, ndipo afooka ndi kutentha. Zimene taphunzira pa mtengo wa kutali zitithandiza pa mtengo wa pakhomo.

NTCHITO YOTI TICHITE

Ndipempha anzanga a makalasi onse kuti tisangowerenga. Aliyense asankhe mtengo umodzi wa mandimu, auyendere Loweruka lililonse kwa teremu yathunthu, ndipo alembe m'kope tsiku, nyengo, ngati pali mphukira zatsopano, ndi chiwerengero cha masamba a timatuza pa nthambi khumi. Galasi lokuzira zinthu tingabwereke kwa aphunzitsi a sayansi. Pakutha pa chaka tidzaika pamodzi zimene tapeza, ndipo tidzadziwa mwezi umene mdani wa mandimu athu ayamba, monga mlimi wa ku Sfax adziwira wake.

Pomaliza, yesani mafunso awa osayang'ana m'mwamba:

(a) Tchulani magawo atatu a moyo wa kathonje, ndipo fotokozani kusiyana kwake ndi moyo wa gulugufe.
(b) Chifukwa ninji mbadwo wachiwiri ndiwo uononga koposa?
(c) Chuku chakuda chichokera kuti, ndipo chiononga bwanji tsamba?
(d) Perekani zifukwa ziwiri zimene mlimi sayenera kupopera mankhwala aukali thonje litaunjikana kale.
(e) Kudulira nthambi za pakati kuthandiza bwanji?

Amene wayankha onse asanu bwino, adzandipeze pa mtengo wa mandimu Loweruka likudzali, atatenga kope ndi pensulo.

Wophunzira wa Fomu 4